Mkono wopweteka: kuchokera pa chipsera cha agogo kufika pa jakisoni wa kusikelo



Musanapitirize kuwerenga, ngati muli pafupi ndi agogo kapena munthu wina wamkulu amene anabadwa chaka cha 1970 chisanafike, apempheni mwaulemu kuti akuonetseni kumtunda kwa mkono wawo. Ambiri mudzawapeza ndi chipsera chozungulira, cholowa m'kati pang'ono, chokhala ngati panadindidwa kandalama kachitsulo. Chimenecho ndi chipsera cha katemera wa nthomba. Kenako yang'anani mkono wanu wamanja. Ambirife tili ndi kachipsera kakang'ono ka BCG, katemera wa TB amene anatibaya tili makanda. Ine cha BCG ndili nacho, koma cha nthomba ndilibe, chifukwa pomwe ndinkabadwa n'kuti nthomba itatha kale padziko lonse.

Ndayamba ndi zipserazi chifukwa cha mayi wina woyembekezera amene ndinakumana naye kusikelo. Amagulitsa tomato mu Limbe, ndipo tsiku lililonse amasenza beseni pamutu. Jakisoni woyamba wa kafumbata analandira bwinobwino. Patatha mwezi atabweranso, anakaniratu wachiwiri. Anati, "Anesi, ulendo uja ndinatha masiku awiri osachapa, beseni osakweza, mkono kulemera ngati mwala. Apongozi akuti munandibaya molakwika." Sindinamudzudzule ayi. Kwa munthu amene amadya zimene wagulitsa tsiku lomwelo, masiku awiri opanda mkono si nkhani yamasewera. Koma nkhani ya mkono wopwetekawu inayamba kalekale, ndipo mukaidziwa simudzachitanso mantha ndi ululu wa masiku awiri, komanso mudzadziwa ululu umene muyenera kuthamanga nawo kuchipatala.

Mawu akuti katemera akuchokera ku kutema, ngati mmene timanenera kutema mphini. Azungu asanabweretse mankhwala awo, m'madera ambiri a mu Africa ndi ku Asia anthu ankatenga timafinya ta munthu wodwala nthomba n'kutemera munthu wabwinobwino, kuti adwale pang'ono m'malo modzadwala kwambiri. Njirayi inkateteza ndithu, koma ena ankafa nayo, ndipo wotemedwayo ankatha kupatsira anzake nthomba yeniyeni. Apa ndikunena nthomba, osati katsabola amene ana athu amadwala masiku ano. Mtundu woopsa wa nthomba unkapha anthu pafupifupi 3 mwa 10 alionse odwala, ndipo opulumuka ankatsala ndi zipsera kumaso, ena khungu.

Mu 1796, dokotala wina wa ku England, Edward Jenner, anaonetsa kuti matuza a nthenda yofatsa ya ng'ombe amateteza munthu ku nthomba. Ameneyo ndiye katemera woyamba. Nthawi ya atsamunda anafika kuno ku Nyasaland, koma anali ndi vuto lalikulu: anali wamadzimadzi, ndipo ankatha mphamvu msanga ndi kutentha. Ganizirani botolo loyenda masiku angapo pamutu pa wamtengatenga kupita ku Chikwawa mwezi wa October. Anthu ankakandidwa pamkono, koma ambiri osatetezeka, ndiye n'zosadabwitsa kuti ena ankati akamva kuti otemera afika m'mudzi, ankabisa ana. Zinthu zinasintha pomwe akatswiri anapeza njira youmitsa katemerayu kukhala ngati ufa m'zaka za m'ma 1950, ndipo mu 1967 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linayambitsa ntchito yaikulu yothetseratu nthomba.

Tamvani mmene agogo ankabayidwira. Pa ntchito imeneyi ankagwiritsa ntchito kasingano ka nsonga ziwiri ngati mphanda. Ankakaviika mu katemera n'kubaya pakhungu ka 15 mofulumira pamalo amodzi. Pakatha masiku atatu kapena anayi pankatuluka kachotupa koyabwa, kenako thuza lodzaza mafinya. Mkono unkapweteka, thupi kutentha, mwanabere kutupa m'khwapa. Nkhanambo inkayoyoka patatha pafupifupi masabata atatu. Ndipo chomwe chimandichititsa chidwi n'chakuti pakatha sabata azaumoyo ankayang'ana pamalo paja, ndipo akapeza kuti palibe thuza, ankati katemera sanagwire, munthuyo abayidwenso. Nthawi imeneyo bala ndilo linali lisiti.

Masabata atatu a bala, osati masiku awiri. Agogowo anapirira, ndipo munthu womaliza kudwala nthomba yofala pakati pa anthu anapezeka ku Somalia mu 1977. Mu 1980 WHO inalengeza kuti nthomba yatheratu.

Pomwe nthomba inkatha, ntchito ina inali itayamba. Mu 1974 WHO inakhazikitsa ndondomeko ya katemera wa ana yotchedwa EPI, ndipo Malawi anaikhazikitsa m'dziko lonse mu 1979. Mu ndondomekoyi munalinso jakisoni mmodzi wa akuluakulu, wa amayi: katemera wa kafumbata.

Amayi achichepere ambiri simunaonepo kafumbata wa khanda, ndipo ndikupemphera musadzamuone. Funsani azamba akale. Mwana ankabadwa bwinobwino, kuyamwa masiku awiri oyamba, kenako pakati pa tsiku lachitatu ndi la 28 n'kusiya kuyamwa, nsagwada kuuma, timanja kufumbata, thupi kukungika. Ambiri ankafa, ndipo pamudzi ankalozana zala kuti wina walodza, kapena kuti bambo sanadzisunge. Chonsecho kachilombo kake kamakhala m'dothi ndi m'ndowe, ndipo kankalowera pamchombo: kudulira lumo lakale kapena bango, kupaka phulusa, dothi kapena mankhwala azitsamba. WHO inawerengera kuti mu 1988 mokha makanda pafupifupi 787,000 anafa ndi kafumbata padziko lonse. Mwana wobadwa kumene sitingamuteteze ndi jakisoni wake pa nthawi yake, ndiye njira n'kubaya mayi, kuti chitetezo chake chidutse kupita kwa mwana adakali m'mimba. Mkono wa mayi umapwetekera mwana.

Mu 2002, Malawi anatsimikiziridwa kuti wagonjetsa kafumbata wa amayi ndi makanda. Mvetsetsani bwino, sizikutanthauza kuti kafumbata anatha ngati nthomba. Zikutanthauza kuti m'boma lililonse odwala sakufika mwana mmodzi pa ana 1,000 obadwa amoyo. Kachilomboko kadakali m'dothi la kudimba kwanu ku Chigumula, m'khola la mbuzi ku Lunzu, pamsomali wa dzimbiri mu Ndirande. Sitingatemere dothi. Amayi akasiya kulandira, nthendayi ibwerera.

Jakisoniyu ndi wa maulendo asanu. Woyamba payekha sateteza, amangodziwitsa thupi. Wachiwiri amabwera patatha masabata anayi ndipo amateteza pafupifupi zaka zitatu. Kuti athandize mwana amene ali m'mimba, alandiridwe masabata awiri kapena kuposerapo mayi asanachire. Wachitatu amabwera patatha miyezi 6, wachinayi patatha chaka, wachisanu patathanso chaka china, ndipo ukamaliza onsewo watetezeka zaka zako zonse zobereka. Kale tinkamutcha TT. Masiku ano m'kabuku kanu mumaona Td, chifukwa anawonjezeramo chitetezo cha diphtheria, nthenda yotseka kukhosi. Ndiye mukuona kuti mayi wa tomato uja, pokana wachiwiri, ululu wake woyamba uja ukanangopita pachabe.

Nanga n'chifukwa chiyani amapweteka chonchi? Mu katemerayu mulibe kachilombo kamoyo. Muli poizoni wa kachilomboko amene anamupha mphamvu, njira imene akatswiri a ku France anaipeza m'zaka za m'ma 1920. Poizoni wakufayo payekha thupi silimulabadira kwenikweni. Mu 1926, katswiri wa ku Britain, Alexander Glenny, anapeza kuti ukamusakaniza ndi mchere wina wa aluminiyamu, thupi limadzidzimuka n'kupanga chitetezo champhamvu. Mpaka lero mcherewu ulimo, wochepetsetsa zedi, ndipo ntchito yake ndi yoitana asilikali a m'thupi pamalo pomwe pabayidwapo. Magazi amathamangirapo, pamatupa, pamatentha, mnofu umauma. Kwa ena pamatsala kambulu kolimba kamene kamatha pakokha pakapita masabata angapo. Ndiye si kubaya molakwika ayi. Koma apa tisiyane ndi nthawi ya agogo: lero ngati mkono sunapweteke, sizikutanthauza kuti katemera sanagwire. Matupi amasiyana.

Mwina mukufunsa kuti timadziwa bwanji zimene katemera amachita m'thupi. Timadziwa chifukwa anthu amatsatiridwa, ngakhale kuno kwathu. Mu 2018, ana oposa 28,000 a mu Ndirande ndi Zingwangwa analowa mu kafukufuku wa katemera wa typhoid, ndipo ochita kafukufuku ankalemba zimene ana ankamva atabayidwa. Katemerayo anapezeka kuti ndi wabwino, ndipo mu 2023 anaperekedwa m'dziko lonse.

Abambo ambiri a mu Blantyre anadziwa za mkono wopweteka mu 2021. Kwa zaka zonsezi jakisoni wa akuluakulu inali nkhani ya amayi kusikelo, kupatula wina amene wabayidwa ndi msomali kapena wofuna kukwera ndege. Pa 5 March 2021 kunafika katemera wa Covid-19 wa AstraZeneca wokwana 360,000, ndipo pa 11 March Pulezidenti Lazarus Chakwera analandira wake ku Zomba, wachiwiri wawo Saulos Chilima ku Mzuzu. Anthu anayamba kubayitsa ku Queens ndi m'zipatala zing'onozing'ono za m'makwalala muno. Katemerayu, makamaka ulendo woyamba, ankaphwanya m'thupi, kuzizidwa usiku, mutu, kwa tsiku limodzi kapena awiri. Ndinaseka ndekha kuona abambo amene ankati akazi awo amakokomeza za jakisoni wa kusikelo atagona pamkeka atafunda bulangete masana.

Koma zinazo sizinali zoseketsa. Pa WhatsApp panadzaza nkhani zoti katemerayu ndi wa 666, woti anthu asabereke, woti pamkono pamamata maginito. Munthu akamva kuzizidwa usiku umodzi, mawa lake mudzi wonse wamva kuti watsala pang'ono kufa. Pa 19 May 2021, boma linawotcha katemera wokwana 19,610 ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, nduna ya zaumoyo Khumbize Kandodo Chiponda ikuonerera, chifukwa anali atadutsa masiku. Anafika kuno atatsala ndi masabata ochepa, komanso anthu ankabwera mwa apo ndi apo. Mmene ndimaonera ine, ife azaumoyo tinalakwitsa penapake: tinkathamangira kunena kuti katemera ndi wabwino, osakhala pansi kumuuza munthu kuti usiku uno mwina uzizidwa, mawa mkono ulemera, mkuja udzuka bwino. Munthu wouzidwiratu sachita mantha. Wosauzidwa amakafunsa kwa aneba.

Ndiye ine ndikuuziranitu. Mukabayitsa, kaya ndi Td kapena katemera wina wa akuluakulu, yembekezani kuti pamalopo papweteka, patupa pang'ono, thupi litha kutentha pang'ono, mutu ndi kutopa, kwa tsiku limodzi mpaka atatu. Pobayitsa perekani mkono umene simugwiritsa ntchito kwambiri, ndipo ulekerereni ufewe, chifukwa mnofu wokungika umapweteka kwambiri. Kunyumba ikanipo kansalu koyera konyowetsa m'madzi ozizira, ndipo mkonowo muziugwiritsa ntchito pang'onopang'ono, osaumangirira pachifuwa. Panado amathandiza ndipo woyembekezera atha kumwa, koma brufen ndi aspirin woyembekezera asamwe popanda kuuzidwa kuchipatala. Osatikita mwamphamvu, osafinya, osapakapo zitsamba, ndipo chonde osatemapo mphini. Lumo lomwelo ndi limene limalowetsa kafumbata amene tikuthawayu.

Palinso zina zimene sindikufuna muzipirire. Tikamati khalani kaye pabenchi mphindi 15 mpaka 30 mutabayitsa, si kukuchedwetsani dala. Mwa apo ndi apo, pafupifupi munthu mmodzi pa majakisoni 1 miliyoni, thupi limadana nawo mankhwalawo mwadzidzidzi: kubanika, kutupa milomo ndi nkhope, zidzolo zoyabwa thupi lonse, chizungulire. Zimenezi zimachitika m'mphindi zoyambirira, ndipo mankhwala ake timakhala nawo pomwepo. Minibasi ya ku Bangwe muipeza ina. Mukafika kunyumba, bwererani kuchipatala ngati kutupa kukukulirakulira pakatha masiku atatu, ngati pasanduka chithupsa kapena pakutuluka mafinya, ngati mkono wonse watupa kuyambira paphewa kufika pachigongono, kapena ngati phewa likukanika kukwera sabata yatha. Auzeni anamwino kapena alangizi a zaumoyo kuti zinayamba mutabayitsa, chifukwa nkhani zotere timazilemba n'kuzitumiza kwa oyang'anira katemera.

Ndipo ichi musachiiwale: kutentha thupi kopitirira masiku awiri, kapena kotentha kwambiri, musangoti ndi jakisoni uja. Kuno ndi kwa malungo. Kayezetseni magazi, makamaka ngati muli oyembekezera.

Mayi wa tomato uja tinakambirana kwa kanthawi. Ndinamufunsa ngati apongozi akewo ali ndi chipsera pamkono, anaseka nati ali nacho chachikulu. Analola, ndinamubaya kumanzere, ndipo tinalemba tsiku la wachitatu m'kabuku kake. Kabukuko muzikasunga bwino, chifukwa kubayitsa wa kafumbata pafupipafupi mopitirira muyeso n'kumene kumatupitsa mkono kwambiri, ndipo popanda kabuku sitingadziwe kuti munalandira angati. Katsegulenitu lero. Ngati tsiku lanu linadutsa, ngakhale ndi zaka ziwiri, simuyambiranso pa woyamba. Timapitiriza pomwe munalekezera.