Eyam

Eyam (amatchula kuti "Iimu") ndi mudzi waung'ono wa ku England, m'chigawo cha Derbyshire, pakati pa zitunda za Peak District. Mu 2011 munali anthu osafika 1,000. Kale ambiri ankakumba mtovu. Lero m'minda yotchingidwa ndi mipanda ya miyala mumadya nkhosa.

Chinatchukitsa mudziwu ndi mliri wa mu 1665 ndi 1666. Akuti nthendayi inabwera ndi utitiri umene unali mu mtolo wa nsalu zochokera ku London, ndipo woyamba kufa, mu Seputembala 1665, anali George Viccars, wothandiza telala. Zinthu zitafika poipa, mbusa William Mompesson pamodzi ndi Thomas Stanley anapempha anthu kuti asatuluke m'mudzi, kuopa kupatsira midzi ina. Anthu anavomera, chinthu chosapepuka pamene maliro ali khomo ndi khomo.

Anthu a midzi ina ankasiya zakudya kumalire a mudziwo. Mwala wa pamalirewo ulipobe, uli ndi timaenje momwe ankaikamo ndalama zoviikidwa mu viniga. Mapemphero anawasamutsira panja, pachigwa cha Cucklett Delf, ndipo banja lililonse linkaika lokha maliro ake. Elizabeth Hancock anaika mwamuna wake ndi ana 6 m'masiku 8 okha. Manda awo ali patchire kunja kwa mudzi. Onse amene anafa anakwana pafupifupi 260, kuphatikizapo Catherine, mkazi wa mbusayo.

Chaka chilichonse, Lamlungu lomaliza la Ogasiti, ku Cucklett Delf kumachitika mapemphero okumbukira mliriwu.