Anapita Kutali Kukaphunzira za Mapanga Athu

Zojambula za m'mapanga a ku Chongoni zinakhala zaka mazanamazana boma lisanaganize zoziikira mlonda. Zofiira zija, za mizere ndi timikombero, akuti ndi za Akafula. Zoyera ndi za makolo athu Achewa, zina za nyau, zina za chinamwali. Nthambi ya boma yoona zinthu zakale inakhazikitsidwa mu 1967, koma ofesi payokha sikumba pansi. Pankafunika munthu wodziwa kufukula phale osaliswa, ndipo maphunziro apamwamba a ntchitoyi kuno kunalibe.

Khomo linatseguka kudzera mwa J. Desmond Clark wa ku yunivesite ya California ku Berkeley, amene anakumba phanga la Mwana wa Chentcherere mu 1972. Amalawi awiri anakaphunzira kwa iye. A Gadi Mgomezulu anamaliza digiri ya udokotala mu 1978, atafufuza mmene ulimi ndi kuweta zinayambira m'dera la Linthipe ndi Chongoni, ndipo pambuyo pake anakagwira ntchito ku UNESCO ku Paris. A Yusuf Juwayeyi anamaliza mu 1981. Ndiwo anadzakumba ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, kumene kunali likulu la a Kalonga, mafumu a Maravi, napeza mikanda, mkuwa, minyanga ya njovu ndi zidutswa za mbale zochokera ku China. Ine monga mwana wa ku Dedza ndimaima pamenepa ndi mtima wodzaza. Agogo ankatiuza za Maravi madzulo pamoto, ena n'kumati ndi nthano chabe. Mmalawi mnzathu anapita kutsidya kwa nyanja, nabwerako ndi luso lotulutsa umboni m'nthaka yathu yomweyi.

Komatu anthu awiri kapena atatu sangasamale dziko lonse. Apa m'pamene thandizo la ndalama linasintha njira. Bungwe la ICCROM la ku Rome linayendetsa pulogalamu ya PREMA m'zaka za m'ma 1990, yophunzitsa ogwira ntchito m'nyumba zosungira zinthu zakale kulimbana ndi chiswe, chinyezi ndi nkhungu. Mu 1998 kunabwera AFRICA 2009, mothandizidwa ndi mayiko monga Sweden ndi Norway. Maphunziro ake a miyezi itatu ankachitikira ku Mombasa kwa olankhula Chingerezi ndi ku Porto-Novo kwa olankhula Chifalansa. Chimene ndimachiyamikira n'chakuti Mwafirika ankaphunzira kwa Mwafirika mnzake. Wosamala makoma a Great Zimbabwe ndi wosamala Fort Jesus amadandaula zofanana: ndalama zochepa, mvula, moto wolusa, komanso anthu a m'mudzi amene malowo kwa iwo ndi kachisi, osati chionetsero.

Mu 2005 UNESCO inalemekeza Gule Wamkulu, ndipo mu 2006 Chongoni, ndi malo ake 127, inalowa m'kaundula wa chuma cha dziko lonse. Chaka chomwecho kunakhazikitsidwa thumba la African World Heritage Fund ku South Africa. Zikalata zolowetsera malo m'kaundula ameneyu sizilembedwa ndi munthu wongodzuka kutulo. Zimafuna mapu, malire ndi dongosolo la kasamalidwe, zinthu zimene akatswiri athu anaziphunzira poyenda.

Chimandiwawa ndi ichi. M'mbiri yonseyi, tikiti ya ndege yakhala ikupita kwa wodziwa kulemba kalata yopempha thandizo m'Chingerezi. Koma tanthauzo la zojambula zoyera za chinamwali lili ndi anamkungwi. Ofufuza ngati Leslie Zubieta anamva zambiri atakhala pansi ndi amayi a m'midzi. Mafumu a ku Mphunzi ndi Namzeze, ku Chongoni komweko, ndiwo angadzudzule mnyamata wolemba dzina lake ndi makala pamwamba pa chojambula, pakuti mkulu wa ku Lilongwe safika kuphangako tsiku ndi tsiku.

Ulendo umene ndikuufuna sulira ngakhale ndege. Zojambula zoyera zofanana ndi zathu ziliko kum'mawa kwa Zambia, ndipo Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakumana kale ku Mkaika pa Kulamba chaka ndi chaka. Opereka thandizo atapatula ndalama ya basi ndi chakudya, anamkungwi a ku Dedza, Katete ndi Tete atha kuyendera limodzi mapangawa, akatswiri athu a madigiri ali pambuyo pawo ndi makope, kulemba zokhazo zimene amayiwo alola kuti zilembedwe.