Momwe mpikisano wa njinga wa masabata atatu unafikira m'nyumba za ku Katete

Mpikisano wa njinga wochitika m'zigawo, umene opalasa amathamanga tsiku ndi tsiku kuchoka mzinda wina kupita mzinda wina, ndi masewera amene palibe munthu angawaone onse ndi maso ake, pakuti woima m'mbali mwa msewu amadikira maola ambiri, koma gulu lonse limamudutsa m'kanthawi kochepa n'kuzimiririka. N'chifukwa chake mbiri ya mpikisano wotere yayendera limodzi ndi mbiri ya zipangizo zofalitsira nkhani. Tour de France, umene ndi waukulu pa yonse, unayambitsidwa mu 1903 ndi nyuzipepala ya L'Auto, imene mkonzi wake anali Henri Desgrange, ndipo cholinga chinali chakuti nyuzipepalayo izigulidwa kwambiri. Chaka chimenecho panali zigawo 6 zokwana makilomita 2,428, ndipo anapambana ndi Maurice Garin. Mpikisano wa ku Italy, Giro d'Italia, unatsatira mu 1909, ndipo wa ku Spain, Vuelta a España, mu 1935, yonse iwiri mothandizidwanso ndi manyuzipepala.

Masiku ano Tour de France imakhala ndi zigawo 21 m'masabata atatu a mwezi wa Julayi, ndipo mtunda wonse umapitirira makilomita 3,000. Chigawo chilichonse chili ndi wopambana wake, koma katswiri wa mpikisano wonse ndi amene nthawi yake, ikaphatikizidwa kuyambira tsiku loyamba, ndi yochepa kuposa ya anzake, ndipo amene akutsogola pa chiwerengero chimenechi amavala malaya achikasu, mwambo umene unayamba mu 1919. Timu iliyonse ili ndi anthu 8, koma ambiri mwa iwo sapalasa kuti apambane okha: ntchito yawo ndi kutchinga mphepo patsogolo pa mtsogoleri wawo, kubwerera ku galimoto kukatenga mabotolo a madzi, ngakhalenso kumupatsa njinga yawo yake ikawonongeka. Gulu lalikulu la opalasa, limene Afalansa amalitcha peloton, limayenda mothinana chifukwa wobisala kumbuyo kwa mnzake amasunga mphamvu zambiri, ndipo nzeru yonse ya masewerawa yagona pa kudziwa nthawi yotulukira m'gulumo.

Zimenezi sizioneka pa chithunzi cha m'nyuzipepala, ndipo zinayamba kumveka bwino kwa anthu wamba pamene wailesi yakanema inalowererapo. Mu 1948 mapeto a mpikisano ku bwalo la Parc des Princes ku Paris anaonetsedwa pakanema nthawi yomweyo, ndipo m'zaka zotsatira makamera anakwezedwa pa njinga zamoto ndi pa helikopita, kotero kuti wokhala pampando anayamba kuona zambiri kuposa woima pamsewu. Vuto linatsala pa nthawi, chifukwa chigawo chimodzi chimatenga maola anayi kapena asanu masana, anthu ali pantchito. Makina a VHS, amene kampani ya JVC inatulutsa mu 1976, anathandiza okonda masewerawa ku Ulaya ndi ku America kujambula zimene zikuulutsidwa n'kudzaonera madzulo, kubwereza pamene katswiri wathawa anzake pachitunda, ndi kubwerekana matepi, ngakhale kuti tepi yodziwika kwambiri ku Ulaya inkalowa maola atatu okha.

Ku Zambia wailesi yakanema inayamba mu 1961 ku Kitwe, ndipo kwa nthawi yaitali inali chinthu cha m'matauni a m'mbali mwa njanji. Kum'mawa kwa dzikolo njinga inali itakhazikika kale popanda kanema. Ku Chipata kunali fakitale ya Luangwa Industries, imene m'zaka za m'ma 1980 inkapanga njinga za Eagle, ndipo m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi njinga ndiyo imapititsa chimanga ndi mtedza kumsika, thonje kudepoti, makala kutauni, ndi wodwala kuchipatala. Kumapeto kwa Ogasiti, pamene Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba kudzapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi, ambiri a m'midzi yozungulira amafikako pa njinga. Munthu amene wakwezapo matumba awiri a chimanga pakaliyala, n'kuimirira pamapedulo pachitunda tcheni ikulira, mphepo ya mu Julayi ikumuwomba pachifuwa, safunika kuuzidwa chimene opalasa a Tour de France akumva m'miyendo pokwera mapiri a Alps ndi Pyrenees. Kusiyana kuli pa chipangizo: malamulo salola njinga ya mpikisano kupepuka kuposa makilogalamu 6.8, pamene njinga ya Buffalo, yofala m'midzi ya kuno, inapangidwa kuti kaliyala yake izinyamula makilogalamu 100.

N'zomvetsa chisoni kuti anthu odziwa njinga motere ndi amene anachedwa kuona mpikisano wake. Matepi, ndipo kenako ma DVD, atafika m'misika ya m'mbali mwa msewu wa Great East, nyumba zoonetsera vidiyo zinadzaza ndi mafilimu a karate, a ku Nigeria ndi mpira, zinthu zimene zimatha msanga kuti ena olipira pakhomo alowe. Mpikisano wa masabata atatu, wopanda zigoli, wofuna kuti woonera akumbukire za dzulo ndi dzana, sunkagwirizana ndi malonda amenewo. Khomo linatseguka ndi DStv, imene inayamba mu 1995, pakuti tchanelo yake ya SuperSport imaonetsa Tour de France, ndipo mu Julayi nthawi ya ku France imafanana ndi ya ku Zambia, moti zigawo zambiri zimatha cha m'ma 17 koloko. Komabe mbale ya setilaiti, ndalama za pamwezi ndi magetsi zinali za mabanja ochepa, mpaka mafoni a intaneti ndi masola atafala, pamene chidule cha chigawo cha tsikulo chinayamba kupezeka pa YouTube, chotheka kusunga mufoni n'kugawana ndi mnzako.

Chimene chinapatsa anthu a mu Africa chifukwa chotsatirira ndi kuonekera kwa anzawo. Daryl Impey wa ku South Africa anavala malaya achikasu mu 2013, chaka chimene Chris Froome, wobadwira ku Nairobi koma woimira Britain, anapambana koyamba. Mu 2015 timu ya ku South Africa ya MTN-Qhubeka inalowa mu Tour de France, ndipo Daniel Teklehaimanot wa ku Eritrea anavala kwa masiku angapo malaya amadontho ofiira, amene amapatsidwa kwa wotsogola pokwera mapiri. Mu 2024 Biniam Girmay, wa ku Eritrea komweko, anapambana zigawo zitatu n'kutenga malaya obiriwira a wopeza mapointi ambiri, koma ku Zambia chimenecho chinali chaka cha chilala, madzi atachepa ku Kariba ndipo magetsi akuzima maola ambiri pa tsiku, kotero kuti kuno kunali kosavuta kuonera zojambulidwa pafoni usiku kusiyana n'kuonera mpikisano uli mkati. Mu Julayi 2025 Kim Le Court wa ku Mauritius anavala malaya achikasu mu Tour de France ya amayi, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho mpikisano wa dziko lonse lapansi wa njinga za pamsewu unachitikira ku Kigali, ku Rwanda, koyamba pa nthaka ya Africa, pa zitunda zimene opalasa onyamula anthu ndi katundu amakwera tsiku lililonse.