Amalume anga a ku Halale

Pamene ine ndinali mnyamata, midzi ya kwa Kalindawalo, kwa Ndake ndi kwa Nyalugwe inali ya akazi, ana ndi nkhalamba. Amuna anali atapita kukafuna ndalama ya msonkho. Ena ankalowera ku migodi ya Kitwe ndi Luanshya, koma ambiri a kuno ankatsika ndi Luangwa, kuwoloka Zambezi pa Feira, ulendo wa ku Southern Rhodesia, kumene ife tinkangoti ku Halale. Boma la kumeneko linali ndi magalimoto otchedwa Ulere, onyamula anthu osalipiritsa, poti minda ya fodya ndi mgodi wa malasha wa Wankie zinkafuna manja. Amene sanabwerere tinkawatcha machona, ndipo inu adzukulu mumawanena ngati anthu oiwala kwawo. Ine ndimakana, chifukwa ndinakhala m'nyumba ya mmodzi wa iwo.

Amalume anga anaphunzira kuwerenga pa sukulu ya mishoni ya Adatchi ku Hofmeyr, kufupi ndi Nyimba. Anandiitanitsa ku Salisbury nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene Azungu anatimangira mu 1953. Ankakhala ku Highfield, m'kanyumba ka zipinda ziwiri, ndipo masana ankagwira ntchito yosankha fodya.

Kunsi kwa bedi lawo kunali sutukesi ya malata. Munali Buku Lopatulika lakuda lothothoka chikuto, buku la nyimbo za m'tchalitchi, Nthondo ndi Mbiri ya Achewa a Samuel Ntara, ndi manyuzi akale a Mutende omanga ndi luzi. Akaweruka ankasamba m'manja kawiri kuti fungo la fodya lisalowe m'masamba, kenako n'kuyatsa nyali. Nthondo ankamuwerenga mokweza, n'kumaima pakati kuti atsutsane naye ngati munthu ali pomwepo. Mbiri ya Achewa inkawakwiyitsa pang'ono. Ankati, "Nanga ya ife Ansenga adzalemba ndani?" Anagula kope kuti ayambe okha, nalembamo mayina a mafumu ndi mafuko monga anawamvera kwa agogo awo. Sanalimalize.

Lamlungu masana nyumba inkadzaza. Anthu a ku Petauke osadziwa kulemba ankabwera ndi pepala ndi sitampa, amalume n'kumawalembera makalata. Apa m'pamene ndinadziwira mitima ya anthu aja. Bambo wamkulu, wandevu zake, ankafunsa za mbuzi, za denga la nkhokwe, za mwana amene anamusiya ali m'mimba, kenako mawu n'kumuthera. Amalume ankadikira, cholembera chili m'mwamba, osamufulumiza. Pomaliza ankayatsa wailesi ija yobulungira ngati poto, ya batire lalikulu, kuti timve Lusaka. Alick Nkhata akayamba kuimba, panalibe wotsokomola.

Ndale ndiye zinkawotcha. Amalume anali a Harry Nkumbula, ndipo Kenneth Kaunda atapatuka mu 1958 n'kuyambitsa chipani chake, iwo ankati anyamata athamanga. Anzawo a ku Nyasaland ankabwera ndi nkhani za Kamuzu Banda, amene anamangidwa pa 3 March 1959 n'kutsekeredwa ku Gwelo, m'dziko lomwe tinkakhalalo. Mwezi womwewo chipani cha Kaunda chinaletsedwa, iye n'kuponyedwa ku Kabompo. Kuyambira pamenepo amalume anasiya kumunena Kaunda. Koma zonsezi zinkakambidwa chitseko chotseka. Mlendo wokhala ndi chitupa cha kunja akagwidwa pa msonkhano, ntchito inkatha, nyumba n'kulandidwa. Choncho munthu amene usiku ankagawa dziko lonse ndi pakamwa, m'mawa ankavula chipewa pamaso pa kapitawo.

Tsono mvetsani chimene chinawamanga. Anakwatira mkazi wa Chizezuru, mayi wabwino amene anandisamala ngati wobala yekha, ndipo anapereka malowolo monga mwa mwambo wa kumeneko. Kwa akuchikazi, ana anali a amalume. Kwathu kuno mwana ndi wa kwa mayi ake, ndiye ana aja akanabwera analibe mbumba yowalandira, pamene amalumewo anali mwini mbumba wa ife ana a alongo awo. Malipiro amodzi ankagawika pawiri: fizi ya ana awo ku Highfield, fizi yathu, bulangete la amayi awo, msonkho wa mlamu wodwala. Ana awo ankayankhula Chishona, ndipo anzawo kusukulu ankawaseka kuti ndi obwera. Amalume akawayankhula Chinsenga, iwo ankayankha m'chinenero cha amayi awo. Ndinawaonapo amalume atakhala chete nthawi yaitali chifukwa cha zimenezi.

Pa 24 October 1964, tsiku limene Zambia inalandira ufulu, ine ndinali nditabwerera kale kumudzi. Kalata ya amalume inafika yodzaza chimwemwe, yonena kuti chaka chamawa akubwera, tiwasungire munda wa kudambo. Chaka chamawacho, pa 11 November, Ian Smith, mtsogoleri wa boma la Azungu ku Rhodesia, analengeza kuti dzikolo ladziimira palokha popanda chilolezo cha Britain. Amalume anati adikire mwana wamkulu amalize sukulu, kenako wachiwiri. Mu June 1972 mgodi wa Wankie unaphulika n'kupha anthu oposa 400, ena a iwo a kuno ku Zambia, ndipo kalata imene analemba nthawi imeneyo inali ya munthu wotopa. Mu January 1973 malire a Zambia ndi Rhodesia anatsekedwa, makalata n'kuyamba kusowa.

Anamwalira komweko nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe ili mkati. Anawaika ndi a bungwe la maliro la anthu a kwathu, limene iwo ankalisungira mabuku a zopereka. Uthenga unatipeza patapita miyezi, kudzera mwa munthu amene anazungulira ku Malawi. Tinakhala maliro opanda mtembo, tinameta, ndipo akuluakulu anagamula kuti munda wa kudambo ndilime ine.