Kukwera, Kugwa ndi Kudzukanso kwa Gulu la Oyimba la WITCH

Magulu a oyimba amamera ngati bowa m'dzinja, ndipo ambiri amafota dzuwa likangowala. Ndi ochepa okha amene amatha zaka makumi asanu dzina lawo likumvekabe. Limodzi mwa magulu otere ndi WITCH, la ku Zambia, limene linatchuka ndi chamba cha rock. Mbiri yake ndi yoyenera kuidziwa chifukwa ikuonetsa kuti luso la anthu limayenda limodzi ndi chuma ndi mavuto a dziko lawo, ndiponso kuti nyimbo yojambulidwa ndi kusungidwa bwino imapulumuka ngakhale eni ake atatha.

Dziko la Zambia linalandira ufulu wodzilamulira pa 24 Okutobala 1964, patangopita miyezi itatu Malawi atalandira wake. Chuma cha dzikolo chinatsamira pa mkuwa wokumbidwa m'chigawo cha Copperbelt, ndipo m'masiku amenewo mkuwa unali pa mtengo wabwino kunja. M'mizinda ya Kitwe, Ndola, Chingola ndi Mufulira munasonkhana anthu a mitundu yosiyanasiyana odzafuna ntchito, ena mwa iwo ochokera kuno ku Malawi. Anthuwa ankalandira malipiro mwezi ndi mwezi, motero ankatha kugula mawayilesi ndi magalamafoni ndi kulipira pakhomo pa nyumba zovinira. Ana awo anakula akumva nyimbo za The Beatles, The Rolling Stones, Jimi Hendrix ndi James Brown. Posakhalitsa anyamatawo anayamba kugwira okha magitala amagetsi, nasakaniza zimene ankamva kuchokera kunja ndi kaimbidwe ka ng'oma zakwawo. Chamba chatsopanochi chinadzatchedwa Zamrock.

Gulu la WITCH linabadwira ku Kitwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Dzinali pa Chingerezi limatanthauza mfiti, koma pambuyo pake eni ake analimasulira kuti chilembo chilichonse chikuimira liwu m'chiganizo chakuti We Intend To Cause Havoc, ndiko kunena kuti cholinga chawo chinali kuutsa chipwirikiti. Woyimba wotsogolera anali Emmanuel Chanda. Chifukwa cha kudumpha ndi kuvina kwake pa nsanja, anthu ankamufanizira ndi Mick Jagger wa The Rolling Stones, ndipo apa ndi pamene panachokera dzina lakuti Jagari limene amadziwika nalo mpaka lero. Anzake anali Chris Mbewe ndi John Muma pa magitala, Gedeon Mulenga pa gitala ya besi, Boidi Sinkala pa ng'oma, ndi Paul Mumba pa limba.

Kutulutsa chimbale m'masiku amenewo sinali ntchito yamasewera. Nyimbo za m'chimbale chawo choyamba, Introduction, anazijambula m'situdiyo yopangira mafilimu ku Chingola, koma kuti zidindidwe pa mbale zinayenera kutumizidwa ku Nairobi m'dziko la Kenya. Chimbalechi chimawerengedwa pakati pa zimbale zoyambirira zenizeni zotulutsidwa ndi gulu la ku Zambia. Chitatuluka, zina zinatsatira mondondozana: In the Past, kenaka Lazy Bones!! mu 1975, chimene chinajambulidwa ku DB Studios mu Lusaka, Lukombo Vibes mu 1976, ndi china cha mu 1977 chimene munali nyimbo yotchedwa Janet. Zimbale zisanu m'zaka zochepa chotere ndi umboni wa khama losaneneka. Zoimbaimba zawo zinkayamba madzulo n'kutha usiku kwambiri, ndipo malo ankadzaza mpaka ena kutsala kunja.

Boma nalo linathira manyowa pa mbewu imeneyi. M'kati mwa zaka za m'ma 1970, Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti pafupifupi nyimbo zonse zoulutsidwa pa wayilesi ya boma zikhale za ku Zambia. Cholinga chake chinali kulimbikitsa chikhalidwe cha dzikolo, ndipo lamuloli linapatsa msika magulu monga WITCH, Amanaz, Musi-O-Tunya la Rikki Ililonga, ndi Ngozi Family la Paul Ngozi, amene nyimbo zake zambiri zinali m'Chinyanja cha ku Lusaka. Kuno ku Malawi zinthu zinali zosiyana. Boma la Dr. Kamuzu Banda linakhazikitsa bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo mu 1968, ndipo mu 1973 linaika lamulo la kavalidwe koyenera. Amuna sankaloledwa kuweta tsitsi lalitali. Achinyamata a maiko awiri oyandikana, ena olankhula chiyankhulo chimodzi, anakulira m'mphepo ziwiri zosiyana.

Koma chakudza sichiimba ng'oma. Mu 1975 mtengo wa mkuwa unagwa pa msika wa dziko lonse, pamene mtengo wa mafuta unali utakwera kale. Ndalama za Zambia zinachepa mphamvu, katundu anasowa m'masitolo, ndipo munthu wovutika kupeza ufa sakanaganizanso zogula chimbale. Vuto lachiwiri linali nkhondo. Zambia inkasunga omenyera ufulu a ku Rhodesia, ndipo mu 1978 ndi 1979 asilikali a boma la Ian Smith anaphulitsa misasa ndi nyumba mu Lusaka ndi madera ozungulira. Boma linaletsa kuyenda usiku ndi kulamula kuti magetsi azizimitsidwa. Kwa woyimba wodalira madansi a usiku, lamuloli linali ngati kumulanda khasu mlimi. Vuto lachitatu linali kusintha kwa zokonda za anthu. Eni mabala anaona kuti kulipira munthu mmodzi woika zimbale za disiko n'kotsika mtengo kusiyana ndi kulipira gulu lonse.

Jagari anachoka m'gululi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 nakhala mphunzitsi wa nyimbo mu Lusaka. Otsalawo anayesa kuyenda ndi nyengo. Anatenga oyimba atsopano, pakati pawo Patrick Mwondela woimba limba, natembenukira ku disiko. Anatulutsa Movin' On mu 1980 ndi Kuomboka mu 1984, dzina lotengedwa ku mwambo wa Alozi wosamuka m'chigwa madzi akasefukira. Komabe anthu anali atayamba kukonda kalindula, chamba chochokera m'miyambo ya dziko lomwelo, ndipo gulu la WITCH linazimirira.

Tsoka lalikulu koposa linali mliri wa Edzi. Matendawa sanasankhe nyumba. Mu 1987 Pulezidenti Kaunda anauza dziko lonse poyera kuti mwana wake wamwamuna anamwalira ndi Edzi. Oyimba ambiri a Zamrock anapita m'zaka zimenezo ndi zotsatira, kotero kuti mwa anyamata onse amene anayamba WITCH anatsala Jagari yekha. Ntchito ya uphunzitsi itamuthera, munthu amene kale ankadzaza mabwalo anapita kutchire kukakumba miyala ya mtengo wapatali kuti adyetse banja lake.

Chimene chinapulumutsa dzina la gululi ndi mbale zakale zija. Anthu osonkhanitsa nyimbo zosowa ku Ulaya ndi ku Amereka anazipeza, nadabwa ndi kukoma kwake. Mu 2012 kampani ya Now-Again Records ya ku Los Angeles inatulutsanso pamodzi zimbale za WITCH za m'ma 1970. Mnyamata wa ku Italy, Gio Arlotta, anapita ku Zambia kukafuna Jagari, ndipo filimu yake yofotokoza mbiri ya gululi inatuluka mu 2019. Mothandizidwa ndi oyimba achinyamata monga Jacco Gardner wa ku Netherlands, Jagari ndi Mwondela anadzutsanso gululi, ndipo mu 2017 linayendera maiko a ku Ulaya. Mu 2023, patatha zaka 39 chitulukire Kuomboka, linatulutsa chimbale chatsopano, Zango, chojambulidwa mu DB Studios momwe muja munajambulidwa Lazy Bones!! M'chimbalechi munaimbanso Sampa the Great, mtsikana wa ku Zambia amene anabadwa gululi litatha kale. Mu 2025 panabwera chinanso chotchedwa Sogolo, liwu limene aliyense wodziwa Chichewa angalizindikire kuti ndi tsogolo.

Phunziro la mbiri imeneyi likukhudza Malawi. WITCH inadzuka chifukwa panali chogwirika chimene mbadwo wina unatha kuchitola ndi kuchimva. Malawi nayenso anabala akatswiri monga Daniel Kachamba ndi Robert Fumulani a ku Chileka ndi Alan Namoko wa ku Thyolo, ndipo nyimbo zambiri za nthawi yawo zinajambulidwa pa matepi a wayilesi ya MBC. Tepi imaonongeka ndi chinyezi, kutentha ndi kusasamala, ndipo ikatha, mawu a womwalira sabwereranso. Mnyamata amene lero akusema banjo yake pa Chinakanaka ku Mulanje ayenera kupeza nyimbo za akatswiriwa zili zosungika, kuti adziwe pamene anzake analekezera ndi pamene iye angayambire. Kusunga nyimbo zakale ndi udindo wa dziko lonse, monga momwe banja lanzeru limasungira mbewu ngakhale m'chaka cha njala.