Nyundo Imene Inafukula Golide wa Aroma

Mu November 1992, m'mudzi wa Hoxne ku England, mlimi wina anataya nyundo m'munda, ndipo bwenzi lake, mkulu wopuma pantchito amene anali ndi kachipangizo kofufuzira zitsulo m'nthaka, atapita kukaifunafuna, anatulukira chuma chimene mwiniwake anachikwirira m'bokosi lamatabwa pamene ulamuliro wa Aroma unali kutha pachilumbacho: masupuni asiliva, zibangili, ndi makobidi oposa 14,000, mwa iwo 569 agolide. Mkuluyo sanakumbe mwaumbombo, koma anaitana akatswiri. Nyundo ija inapezekanso, ndipo British Museum ikuisunga pamodzi ndi chumacho.

Makobidi agolidewo ndiwo Aroma ankawatcha solidus, mlowam'malo wa khobidi lagolide lakale lotchedwa aureus. M'masiku a Julius Caesar golide wolemera paundi imodzi ya Chiroma ankatulutsa ma aureus 40; Nero anawapepukitsa nafika 45, Caracalla 50, Diocletian 60, pakuti asilikali ankachuluka pamene nkhokwe za mfumu zinkaphwa, kufikira Constantine anakhazikitsa solidus pa 72, ndiko kuti magalamu anayi ndi theka khobidi limodzi. Chifukwa chake wodziwa makobidi asanawerenge chilembo chilichonse, amayamba wafunsa sikelo.

Pamenepo ndipo amabwera pa funso lija Ambuye anafunsa Afarisi za ndalama ya msonkho, ngakhale ija inali yasiliva: nkhope ndi dzina nzayani. Kuona maso a nkhono nkudekha, pakuti mafumu awiri a Aroma, Arcadius ndi Honorius, amafanana nkhope ngati mapasa, ndipo chowasiyanitsa ndi malemba ozungulira mutu. Kumbuyo kwa khobidi, zilembo zimanena kumene linasulidwa: MD ndi Milan, RV ndi Ravenna, TR ndi Trier, pamene OB amachitira umboni kuti golideyo ngwoyengeka.

Koma khobidi silinena dzenje limene linatulukamo, ndipo m'menemo ndimo mbala zimabisala. Mu 2020, mu mzinda wa London, aureus amene Brutus anasulitsa mu 42 BC ponyadira imfa ya Caesar, wokhala ndi mipeni iwiri ndi chipewa cha kapolo womasulidwa, anagulidwa pamtengo woposa mapaundi 3 miliyoni. Chikomekome cha mkuyu, pakuti zikalata zonena kumene khobidilo linachokera zinali zabodza, ndipo mu 2023 akuluakulu a zamalamulo ku New York analibweza ku Greece.