Amakaniko a ku Thyolo: kuchokera pa makina a tiyi kufika pa kompyuta

Ntchito yofufuza chomwe chavuta pa makina inafika ku Thyolo limodzi ndi tiyi. Henry Brown anadzala mbewuyi ku Mulanje mu 1891, ndipo ku Thyolo inayambira pa esiteti ya Bandanga mu 1908. Chaka chomwecho njanji yodutsa pa Luchenza inafika ku Blantyre, moti zitsulo zolemera zinayamba kubwera pa sitima. Maclean Kay anatsegula Satemwa mu 1923, ndipo maesiteti ena monga Conforzi, Naming'omba ndi Makwasa anakula nawo.

Tsamba la tiyi silidikira. Likathyoledwa liyenera kufota, kuphwanyidwa ndi kuumitsidwa msanga, apo ayi limatentha lokha n'kuwonongeka. Makina akaima m'nyengo ya dzinja, pamene tiyi amaphuka kwambiri, ntchito ya anthu mazanamazana inkapita pachabe. Zipangizo zosinthira zinkachokera ku Britain kudzera pa doko la Beira ndipo zinkatenga nthawi, choncho fakitale inkadalira amisiri ake. M'nthawi ya atsamunda mainjiniya anali azungu, koma ogwira sipanala anali anthu akuda, ena mwa iwo Alomwe ochokera ku Mozambique. Ankaphunzira poona ndi pomvetsera kulira kwa makina. N'zomvetsa chisoni kuti mbiri ya tiyi imatchula eni maesiteti, pomwe amisiriwa mayina awo sanasungidwe.

Poyamba mafakitale ankayendera nthunzi ya mabwela osonkhezeredwa ndi nkhuni za bulugamu, komanso mainjini a dizilo. Magetsi a pa mtsinje wa Shire atayamba kupangidwa ku Nkula mu 1966, kenako ku Tedzani mu 1973, mamota amagetsi anachuluka. Anabwera ndi matenda awo: mphamvu yotsika ndi kukwera, mphenzi yolowera m'mawaya, mota yopsa popanda chifukwa chooneka. Apa amakaniko anaphunzira kuti chovuta sichikhala m'makina nthawi zonse. Nthawi zambiri chimachokera kunja.

Kenako kunabwera makompyuta. Kampani ya IBM inatulutsa kompyuta yake ya patebulo mu 1981, ndipo kapangidwe kake kanalola kuti makampani ena azipanga ziwalo zogwirizana nayo. Izi ndi zomwe zinabala kompyuta yolumikiza pamanja: munthu amagula bokosi, motherboard, purosesa, RAM, hard disk ndi power supply payekhapayekha n'kumanga yekha. Ku Malawi makompyuta anayamba kufala m'maofesi m'zaka za m'ma 1990, ndipo intaneti ya malonda inayamba ndi MalawiNet mu 1997. M'maesiteti, akalaliki omwe ankalemba makilogalamu a othyola tiyi ndi malipiro awo m'mabuku anayamba kuzilowetsa m'kompyuta. Kompyuta ikamazima yokha kumapeto kwa mwezi, malipiro amachedwa.

Mmisiri wodziwa za makompyuta amatsata ndondomeko yomwe amakaniko akale akanaizindikira. Amayamba ndi magetsi. Power supply yotsika mtengo imalephera kupirira mphamvu ikamasinthasintha, ndipo kompyuta imangozima ndi kuyakanso popanda uthenga uliwonse. Amaiyesa poika ina yodziwika kuti ndi yabwino, komanso podutsitsa magetsi mu UPS, chipangizo chosunga magetsi. Kenako amaona za kutentha. Fumbi la m'chilimwe limatseka fani, phala lomwe limapakidwa pakati pa purosesa ndi chitsulo choziziritsa limauma, ndipo makina amazizimitsa okha kuti asapse. Chizindikiro chake n'chakuti amagwira bwino m'mawa koma amagwa akapatsidwa ntchito yolemera.

Thyolo ili ndi mdani wina, chinyontho. Chiperoni, chifunga ndi mvula yowaza ya m'miyezi yozizira, chimalowa m'nyumba n'kuchititsa dzimbiri pa timano ta RAM ndi m'malo olumikizira. Mmisiri amazula RAM, kuipukuta, kuibwezera imodziimodzi, ndi kuiyesa usiku wonse ndi pulogalamu ya Memtest86, yomwe inatuluka mu 1994. Amayang'ananso ma capacitor a pa motherboard ngati atupa pamwamba, vuto lomwe linakhudza makompyuta ambiri padziko lonse m'zaka zoyambirira za m'ma 2000. Hard disk imayesedwa pambuyo pake, chifukwa kuthima kwadzidzidzi kwa magetsi kumawononga zomwe inali kulemba. Mapulogalamu, madiraiva ndi mavairasi obwera pa fulashi amabwera komalizira.

Lamulo lalikulu ndi kusintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi ndi kulemba zotsatira zake. Wosintha zitatu nthawi imodzi sadziwa chomwe chachiza. Chizolowezi chothamangira kufomata chawonongetsa mafayilo ambiri pachabe, pakuti Windows yatsopano singachize power supply yodwala.

Vuto la magetsi silinathe. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo kuthimathima kunapitirira kwa nthawi yoposa chaka. Ena anasamukira ku malaputopu, omwe ali ndi mabatire awoawo, komanso ku magetsi a dzuwa. Maphunziro a ntchitoyi nawonso asintha. Kale ankapezeka pambali pa mmisiri wamkulu. Lero alinso m'makoleji a ntchito zamanja oyang'aniridwa ndi TEVETA, komanso pa sukulu ya ukachenjede ya MUST, yomwe inatsegulidwa pa Ndata m'boma lomweli mu 2014.